Gauni ya Amalume

M'tiranki yachitsulo, kunsi kwa bedi la amalume, munkakhala gauni yakuda. Inkanunkha timibulu tothamangitsa njenjete ndiponso utsi, pakuti kwathu ku Misuku palibe chovala chimene chimazemba utsi nyengo yachisanu. Pamwamba pake pankagona chipewa cha makona anayi, kona imodzi itadyedwa ndi makoswe.

Amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, ndiwo anali oyamba m'mudzi mwathu kukafika ku yunivesite. Atapuma ntchito ya boma anabwerera kudzalima khofi, ndipo gauni ija inayamba ntchito imene oisoka sanailotepo. Mwana aliyense wosankhidwa kupita ku sekondale ankavekedwa gauniyo Lamulungu, n'kuyenda nayo kuchokera kutchalitchi mpaka kwawo, nthungululu zili pambuyo. Kuipinda m'munsi kuti ilingane ndi msinkhu wa mwanayo inali ntchito ya amayi. Ankasoka ndi ulusi uliwonse umene unali pafupi, moti m'mphepete mwake munadzaza tizibowo ta singano. Ine ndinayamba kuisirira mano akutsogolo asanamere, ndipo ndinene zoona, masamu ndinkawapirira chifukwa cha iyo basi.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Sitandade 8, khofi anabereka mochititsa kaso. Tinkalawirira kumunda nkhungu itakuta phiri, zala zitauma gwa, n'kumathyola zipatso zofiira kwinaku tikudikira zotsatira. Tsiku lina aphunzitsi athu anatipeza komweko, wailesi ili m'khwapa. Anati yunivesite ya amalume ikukonzekera chikondwerero chokwanitsa zaka makumi asanu, ndipo ikupempha onse amene anaphunzirako kale kuti abweretse zithunzi, mabuku ndi magauni akale, zikasungidwe m'chipinda cha mbiri yake.

Amalume anasanduka mnyamata pomwepo. Anasiya dengu, n'kuyamba kuimba nyimbo ya kusukulu kwawoko, mawu ena ataiwala, akungong'ung'udza m'malo mwake. Masiku otsatira tinamva nkhani zonse: belu la chakudya, mmene ongofika kumene ankawasekera, mmene iwo anakanikira kudya ndi foloko. Kenaka analengeza kuti gauni apita nayo okha sabata yotsatira, ndipo akaisiya konko.

Aliyense anaomba m'manja kupatula ine. Zotsatira zinali zisanatuluke, ndiye kuti pa ana onse a m'mudzimo, ine ndekha gauni inkandidumpha. Mtima unandiwawa kwambiri. Chifukwa cha mkwiyo ndinayamba kupulula khofi ndi wosapsa yemwe, misozi ikugwera m'dengu. Lero ndimadziseka, koma nthawi imeneyo ndinkaona ngati yunivesite yonseyo inamangidwa n'cholinga chodzandilanda gauni.

Amalume atayang'ana m'dengumo sanandikalipire. Anangouza amayi kuti atenge singano, Lamulungu mwanayu avale.

"Adumbu, mukugula mbereko mwana asanabadwe!" anatero amayi kwa mlongo wawoyo. "Akalephera, nkhope tikaibisa kuti?"

"Gauni njane, mwana ngwane," anayankha amalume m'Chitumbuka chimene ankachitulutsa akafuna kutseka nkhani. Gauni inali yawo, mwana ndi wawonso, wotsutsa anali ndani?

Amayi anasoka akung'ung'udza, ndi ulusi wofiira wotsala pa diresi la Khirisimasi. Ndinali wamfupi kuposa onse amene anaivalapo, choncho anaipinda kawiri. Lamulungulo kunali kamvula kowaza. Manja a gauni ankandifika m'mawondo, chipewa chinkagwera m'maso, ndipo potsika chitunda ndinaterereka n'kukhala pansi m'matope. Amalume anandidzutsa osasiya kuimba. Amayi ena ankalulutira ndi mtima wonse, ena ankalulutira akuyang'anizana. Gogo wina anandipatsa phava la nthochi n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Yewo, adokotala, muzatilase jekiseni makora," kutanthauza kuti ndidzawabaye jekiseni bwino. Sindinakondwepo chomwecho chibadwire.

Madzulo amayi anafuna kusomola ulusi wofiira uja ndi kuchapa matope, kuti anthu ophunzira asatiyese osasamala. Amalume anakaniza. "Isiyeni momwemo, akaione mmene yagwirira ntchito." M'mawa mwake tiranki inakwezedwa pa galimoto yopita kuboma.

Apa m'pamene ndinadziwa kulemera kwa mawu a amayi aja. Anyamata kuchigayo anandipatsa dzina loti Pulofesa. Ndikamva wailesi ikulira kwa aphunzitsi, ndinkatchera khutu kuti mwina akulengeza zotsatira. Ndikanalephera ndikanakhala mtsikana amene anavala gauni yaulere, ndipo kumudzi dzina lotere umakalamba nalo.

Amalume anabwerako ali ndi tiranki yopanda kanthu koma nkhani zodzaza. Anasimba za mdipiti wa magauni, ng'oma, magule, ndi anzawo akale a madazi amene anakumbatirana nawo n'kumafunsana mayina pambuyo. Khofi atatsala pang'ono kutha m'mitengo, tinaona aphunzitsi akukwera njira ya kwathu chothamanga, nsapato zili m'manja, akufuula dzina langa. Ndinali nditasankhidwa. Amayi anakhala pansi pomwe anaimapo, n'kuyamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Mwambo sunafe. Amayi anasoka gauni ina ya nsalu yakuda ya kumsika, ndipo ana akuyenda nayobe mpaka lero. Yeniyeniyo ndinakaionanso patapita zaka, nditapita kukaphunzira ku yunivesite yomweyo. Ili m'kabati yagalasi pakati pa zinzake zosalala bwino. Kapepala kali pambali kakutchula amalume okha, koma ulusi wofiira ulipobe, pa msinkhu wanga wa nthawi ija, ndi kadontho ka dothi la ku Misuku kumbuyo. Ndinaseka mokweza mpaka mlonda anandiyang'ana.

Nyengo yonse ija ndinkadzitama kwa anzanga kuti amalume anadziwiratu kuti ndikhoza, n'chifukwa chake anandiveka msanga. Sindinkadziwa kuti makope anga a masamu ankawaona, ndipo ankapukusa mutu. Iwo sankadziwa n'komwe ngati ndidzakhoza. Anandiveka kuti ngakhale dzina langa likanasowa pa zotsatira, ndikhale nditayendapo kale m'njira ya kwathu, anthu akundilulutira.