Asilikali a dongo pakhonde la mkamwini wanga

Ine Nachisale wa ku Nsambe, pensulo sindinaizolowere, koma pakamwa pokha nyimbo siithapo. Lero ndiyimba yotsika, anzanga, yotsika ngati ya pa maliro.

Lolemba achimwene anga, eni mbumba, anabwera atakwiya. Akuti mkamwini wanga Yotamu achoke pamudzi pano, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Anzake akugalauza, mvula ili pafupi, iye ali pakhonde kuumba asilikali a dongo. Munthu wa ndevu, wa ana awiri. Chibwerere kunkhondo yaikulu ija ya azungu, kudziko lakutali la Bama, khasu amaligwira pang'ono, kenaka wabwerera ku zidole zake.

Ndiye amazikongoletsa, ee, amazikongoletsa! Nthenga ya nkhuku ndiyo burashi. Katondo wa chisoti chofiira, mwaye wa majombo, phulusa ndi dothi lachikasu la malaya. Akatha amawandanda pamphasa, awa uku, awa uko, masamba a nsungwi pakati ngati nkhalango, nkumawasuntha yekha.

Ndinawavomera achimwene. Nanga ana adya dongo?

Koma mwambo mukuudziwa: mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, tikakumana panjira wina amapatukira kutchire. Choncho Lachitatu ndinadikira apite kumtsinje, ndikaone ndekha zidolezo.

Msilikali mmodzi anali atagona chagada kuseri kwa kamwala. Ndinamutola. Khutu lamanzere loduka kunsonga. Pachipumi kachipsera kojambula ndi makala.

Ameneyo ndi Eliya wanga, mwana wanga, chisamba changa. Khutulo linalumidwa ndi galu iye akadali wokwawa, chipseracho nchamoto wa pamafuwa anga. Anakwera lole imodzi ndi Yotamu, iye sanabwerere. Boma linangoti wamwalira, basi. Wafera pati, wafa bwanji, anamutseka maso ndani, palibe anandiuza.

Ndinamva mapazi. Yotamu anaima kuseri kwa nkhokwe mwaulemu, nkuyankhula ngati akuuza nkhokweyo.

"Auzeni amayi kuti sanafe yekha. Wagwada pambali pakeyo ndine."

Ndinayang'ana pamphasa. Analipodi, kachidole kogwada, dongo lokhalokha, kopanda utoto ngakhale dontho.

Kodi anyamatawa tinawalandira bwanji, eti? Nthungululu mudzi wonse, mabulangete awo tinagawana, majombo anavala amalume. Anawafunsa ndani zimene anaona? Ku Matope kuli wina amabisala likagunda bingu. Ku Matandani kuli wina sagona m'nyumba yotseka. Ife timangoti ulesi, timangoti misala, nkuwapatsa mphasa yawo azipita.

Achimwene ndawauza kuti Yotamu sachoka. Akudandaula, adandaule. Mizere yake ndiyambako ndine ndi msana wangawu, ndikuyimba, mpaka iye adzatole khasu yekha.

Dzulo ndinasinja katondo, ndamusiya m'phale patsinde pa nkhokwe, kuti wogwadayo naye avale chisoti. M'mawa uno phale likadali pomwepo, losakhudza.

Nanga wobwera kunkhondo wa kwanuko, mwamufunsa, kapena mwamuthamangitsa kale?