Waya wa Che Saide

Ndikakumbukira Che Saide, ndimamva fungo la makala onyowa ndi mtovu wosungunuka, ndiponso kupuma kwa mvukuto m'mawa wachisanu ku Vila Cabral, komwe lero timati Lichinga. Anali mnansi wathu, wosula zidebe ndi nyale za koloboyi, munthu wamakani amene sankakhulupirira chitsulo chilichonse asanachionetse moto. Ankawaza mchere pamakala kuti ine, kamtsikana kachidwi, ndione lawi likusanduka lachikasu. "Maso amanamizika, mwanangu," ankatero, "koma chinthu chikamapsa chimatchula dzina lake."

Tsiku lina masipayo, asilikali a boma la Apwitikizi, anawamanga. Waya wamkuwa wa lamya unali utabedwa pamsewu wa ku Chimbonila, ndipo pakhomo pawo anapeza mpukutu wa waya wofiirira. Chilango tinkachidziwa tonse: chibalo, komwe ambiri sankabwerako. Ndinalira mpaka mawu anasasa.

Tinawalondola kuboma ndi amayi. Che Saide sanagwade.

"Sinyoro," anauza mzungu woweruzayo, "ndipatseni mbaula, madzi amchere ndi chidutswa cha waya wanu."

Mzunguyo analola, pofuna zoseka. Che Saide anaviika waya wa boma m'madzimo n'kuuika pamoto, ndipo lawi linabiriwira m'mbali ngati tsamba la nyemba. Anachita chimodzimodzi ndi wawo, koma kubiriwira kuja osaoneka ngakhale pang'ono. Unali waya wachitsulo wa mpanda wakale, wofiira ndi dzimbiri basi. Mzungu anabwereza yekha kawiri, kenako analozera kukhomo osatiyang'ana. Amayi anaimba nthungululu pakhonde la boma pomwepo, mantha ataiwala. Che Saide sanachoke mpaka sipayo wina atawatolera kofia yawo imene anawagwetsera pansi powalowetsa.

Lero mdzukulu wanga Amina amayeza kuwala kwa milalang'amba yapafupi, magulu a nyenyezi ozungulira ngati lichero. Makina ake amamwaza kuwalako kukhala utawaleza, iye n'kumawerenga mitundu yake kuti adziwe mpweya umene uli kumeneko ndi mbali ya mlalang'amba imene ikuthamangira kuno. Atandionetsa mapu ake pafoni, anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, ngati kwa nkhalamba yosadziwa kanthu.

"Zimenezo ndinazionera pambaula usanabadwe," ndinamudula. "Tandiuza, azungu akuntchito kwako amakumvera?"

"Amandimvera, vovó. Akakayika, ndimawauza kuti ayeze okha."

Sindinapondeko m'kalasi, koma tsiku limenelo ndinaimba nthungululu ya amayi ija mpaka anansi anatuluka.