Beseni la a Mainesi ku Ivory Park

M'mawa uliwonse, ana asanayambe kudutsa popita kusukulu, a Mainesi ankatulutsa beseni labuluu, kulidzaza madzi a pampopi, n'kuliika pa kreti pakhomo pawo. Kaya kukugwa mvula, kaya ndi mu Juni pamene madzi amaluma zala, beseni linkatuluka basi. A Kennias, mkulu wosoka nsapato tsidya lina la kanjirako, analiona likutuluka kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sakumbukira tsiku limene linaswera m'nyumba.

Lamulo lake linali limodzi. Mwana abwere ndi kanthu kamene watola, anene kaye ngati kamira kapena kayandama, kenaka aponye yekha. A Mainesi sankamuyankhira mwana. Akawafunsa ankangoloza madziwo ndi mlomo.

Mayiwa anabadwira pa famu ya fodya ku Karoi, ku Zimbabwe, kumene bambo awo anakhazikika atachoka ku Ntcheu. Sukulu anailekeza Giredi 4, chaka chimene anayamba kusankha fodya. Ku Joni anagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg zaka khumi ndi zinayi, ndipo n'kumeneko anatola buku la sayansi la ana aang'ono, lothothoka chikuto, limene abwana awo anataya. Ankaliwerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, ndipo chilichonse cholembedwamo ankachiyesa okha asanachikhulupirire. Msana utayamba kuvuta anasiya ntchito, n'kupeza kachipinda kamalata ku Ivory Park, kumene ankakazinga magwinya, mandasi a kuno.

M'beseni muja munalowa zambiri: misomali, zitsekerero za mabotolo, fupa la nkhuku, chidendene cha nsapato chimene wina anapempha kwa a Kennias. Tsiku lina Chido, kamtsikana ka Giredi 1, kanakwiya chifukwa lalanje lake lalikulu linayandama pamene kamwala ka mnzake kanamira. Iko kankadziwa kuti chachikulu ndicho chimamira. A Mainesi anakauza kuti kasende lalanjelo, kaponyenso. Linapita pansi. Ndipamene anakaonetsa khungu lija, kuti m'kati mwake muli timipata tosunga mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo unkalinyamula. Sabata yonseyo ana ankabwera ndi zipatso zosendasenda, makolo n'kumadandaula.

Chimene chinawononga zinthu ndi dzira. M'mawa wina a Mainesi anaika dzira m'madzi, linamira. Anathira mchere, kutakasa, kuthiranso, mpaka dzira lija linadzuka pansi n'kuyandama. Ana anawomba m'manja. Koma a Kennias, akuonera tsidya, anasiya kusoka. Beseni la madzi, dzira, mchere, mayi wobwera wokhala yekha, ana a eni atamuzungulira. Ku Karoi, ku Ntcheu, ngakhale kuno, munthu wamkulu akaona zimenezi saganiza za sukulu. Amaganiza za woombeza.

Sabata isanathe nkhani inali itafika pampopi ndi pamzere wa matekisi, yakuti gogo wachimalawi amaitana mazira ndipo akuba mwayi wa ana kuti magwinya ake aziyenda malonda. Mwana wina atatsegula m'mimba, anthu anati mwaona. Kenaka anabwera mwini bwalo, mayi wa kuno amene onse ankangowatchula kuti a mastende. Ananena mwaulemu koma mosabisa: beseni lithe, apo ayi pakutha pa mwezi chipinda chikhale chopanda munthu.

A Kennias sanali munthu wolowerera za eni, koma masana amenewo anawoloka kanjira ndi nsapato m'manja ngati akubweza ya kasitomala.

"Achemwali, libiseni mwezi umodzi wokha, anthu aiwale. Chipinda pano n'chosowa."

"Chobisa ndi mankhwala, achimwene. Ndikalilowetsa m'nyumba ndiye kuti ndavomera."

M'malo mwake anawapempha chinthu chimodzi, kuti Loweruka akawamasulire, popeza Chizulu chawo chinali chogulitsira magwinya chabe, pamene a Kennias anachiphunzira kalekale m'mafakitale a ku Marlboro.

Loweruka dzuwa lili paliwombo, a mastende anabwera ndi poto wawo, dzira la m'nyumba mwawo, mchere wawo, ndi madzi otunga okha. Umo ndi momwe a Mainesi anafunira. Iwo anakhala patali, pampando wa a Kennias, manja atapinda kumbuyo kuti wina asadzanene kuti anakhudza. Anthu oitanidwa anali ambiri, koma anafika anayi, ena akusuzumira m'mipanda. A mastende anathira mchere supuni imodzi, dzira lili phee. Yachiwiri, yachitatu. Pa yachisanu linayamba kugwedezeka, kenaka linakwera. A mastendewo anaseka mpaka kugwira bondo, n'kutaya madzi, kuyambanso kuti aone ngati dziralo silinangozolowera. A Kennias anamasulira mawu a a Mainesi, akuti mchere ukasungunuka madzi amalemera, ndipo madzi olemera amatha kunyamula dzira limene madzi wamba alephera.

A mastende anamvetsa, ndipo ananena okha kuti apa palibe muti, mankhwala aja. Koma atapukuta manja nkhope inabwerera mwakale. Anati iwo aona, koma amene akulankhula kwambiri sanabwere kudzaona, ndipo m'bwalo mwawo muli zipinda zisanu ndi chimodzi zogundana, moto ukayatsidwa pa chimodzi sufunsa kuti mwini beseni ndi uti. Mawu awo anali omwe aja.

A Mainesi sanakangane nawo. Anathokoza chifukwa cha dzira, n'kufunsa a Kennias ngati akudziwa munthu wa bakki, galimoto yonyamulira katundu. Masiku otsalawo beseni linkatulukabe, ngakhale ana ambiri tsopano ankadutsa chakutali, maso ali pansi, atawaletsa kwawo. Masana mayiwa ankayenda wapansi kufunafuna chipinda ku Tembisa. Anakana ziwiri chifukwa sizinali panjira ya ana a sukulu, ndipo chachitatu anavomera atamuuziratu mwini wake za beseni, dzira ndi mchere womwe.

Tsiku losamuka a Cassim, amene a Kennias anawapeza, anafika ndi bakki yawo dzuwa litangotuluka. Bedi, mbaula ndi chiwaya zinakwera. A Kennias anathandiza kumanga zingwe, ndipo atafuna kunyamula kreti, a Mainesi anawagwira dzanja. Anapita kumpopi, n'kubwera ndi beseni lodzaza, kuliika pamalo pake.

Panabwera ana atatu okha. Awiri anaponya zawo msanga n'kuthamanga. Wotsiriza anali Tisungane, mtsikana wachibwibwi wa Giredi 2, amene anabweretsa kandulo yotsalira. Anaitembenuza, kuiyeza m'dzanja, kuinunkhiza. A Cassim analiza hutala, akuti msewu wa Tembisa ukadzaza sayankha mlandu.

"Dikirani, bambo. Mwanayu sananene," anatero a Mainesi.

Tisungane anavutika nalo liwulo, koma linatuluka. Anati imira. Anaponya, kandulo inalowa pang'ono n'kubwerera pamwamba. Mtsikanayo anaikankhira pansi ndi chala, inabwereranso. A Mainesi anamuuza kuti akayesenso kwawo ndi kandulo yathunthu, m'ndowa iliyonse, poti madzi ndi omwewo. Kenaka anakhuthulira madzi mu ngalande, n'kukwera kutsogolo, beseni lonyowa lili pamiyendo.