Chambo cha amayi pa rodibuloko

Salamu alaikumu nonse.

Ndafika kuchipatala kwa amayi, koma mtima sunatsikebe. Pa rodibuloko anatitsitsa tonse mu minibasi ya ku Senga Bay kuti tisambe m'manja, titsegule zikwama. Akuti chifukwa cha kolera nsomba zaziwisi siziloledwa mu minibasi. Wapolisi wina anagwira chambo chiwiri chimene amayi akhala akuchilakalaka sabata yonse, ati chitsale.

Tili pomwepo, yafika galimoto yoyera ya bwana wina, chambo chisanu chili lendelende pagalasi la m'mbali, madzi akudontha. Apolisi anangoikwezera dzanja, yadutsa. Bwanayo ngakhale kusamba m'manja sanasambe!

Ine ndinafunsa wapolisi uja, ndinati, "Bwana, ndiye kuti kolera amakwera minibasi yokha?" Anandiuza kuti ndisachite mwano. Ndinalanda chambo changa, ndinang'amba mpango wanga nkuchimangirira pagalasi la adiraiva athu. Ndati, "Chili panja ngati cha abwana aja. Chimasuleni nokha anthu akuona."

Sanachikhudze. Amayi adya, apemphanso msuzi.

Achimwene akuti ndikanamangidwa. Mwina. Koma tandiuzeni abale, lamulo loona okwera minibasi okha ndi lamulo limenelo? Lachisanu ndikubweretsanso china.