Zidutswa za Pakhonde la Farouk

Amene anagulapo nsalu ku Old Town akuwadziwa mayi Alinesi, telala wa pakhonde la sitolo ya bambo Farouk. Ndi mayi wochepa thupi, tepi m'khosi tsiku lonse, maso ngati a mlonda. Ukawapatsa moni wansangala kwambiri, amayamba ayang'ana ngati sizasi ikadali pamalo pake.

Sanabadwe otero ayi. Anabwera kuchokera ku Nathenje ali mtsikana, anaphunzira makina kwa amuna awo, ndipo amunawo atamwalira, makina omwewo ndiwo analera ana. Amene anawaononga mtima ndi mwana wa achemwali awo. Anamuphunzitsa kudula ndi kusoka mwaulere, iye atadziwa ntchito anakatsegula pake kutsidya kwa mlatho, makasitomala n'kumutsatira. Chiyambire pamenepo, Alinesi ankati munthu wa mafunso ambiri ndi wakuba amene sanapeze mpata.

Khonde lili ndi lamulo lake. Mwini sitolo amakupatsa malo, makina ako amagona m'sitolo mwake, iwenso umalozera makasitomala nsalu za m'katimo. Farouk, nkhalamba yokonda kukhala kuseri kwa mipukutu ya nsalu, anawonjezapo chisomo china. Zidutswa zotsala kumapeto kwa mipukutu ankawagulitsa Alinesi pamtengo wongotaya, koma anawachenjeza kuti asauze munthu. Ndi zidutswazo ankasoka tizikwama ndi timadiresi ta ana, ndipo banja linkadya pamenepo.

Tsiku lina masana kunabwera mtsikana wa yunifolomu yoyera bwino, nagwada pang'ono.

"Mayi, dzina langa ndine Walusungu, ndili Fomu 3. Kusukulu tikuphunzira za bizinesi, ndiye aticha atiuza kuti aliyense asankhe munthu wa geni yaing'ono, tiphunzire mmene amayendetsera."

"Sukulu yake iti yophunzitsa geni?" anafunsa Alinesi, phazi lili pamakina. "Ife kusukulu tinkaphunzira masamu. Kwanu n'kuti?"

"Ku Area 14. Adadi amagwira ku Capital Hill."

Apo ndiye Alinesi anayamba kukayika. Mwana wa kumpanda, woti sanagonepo ndi njala, geni aifuniranji? Akuluakulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma Alinesi ankadziwa kuti kalumo komweko kamachekanso. Mwina anamutuma a khonsolo. Mwina ndi atelala anzawo a mumsewu womwewo. Anamulola kukhala pabenchi kuti amuone bwino chimene wadzera.

Mtsikanayo ankabwera akaweruka. Ankalowetsa ulusi m'singano, kupinda zovala, kujambula ndi foni. Tsiku lina anabweretsa mandasi, Alinesi n'kumati m'mtima mwawo, nyambo imeneyo. Chinawakwiyitsa kwambiri n'chakuti anayamba kumuzolowera. Akachedwa, ankapezeka akusuzumira kumsewu.

Ndiye linafika funso limene ankaliyembekezera.

"Mayi, tizikwamati n'totchipa koma nsalu yake ndi yabwino. Mumaipeza kuti? Kalabu yathu ya kusukulu ikufunanso kugulitsa zikwama."

Basi, wadziulula yekha! Alinesi anaona kale gulu la ana a mabwana likulowa kwa Farouk, kusesa zidutswa zonse. Anamwetulira, natsitsa mawu ngati akumuuza chinsinsi chachikulu.

"Ndimakatenga kwa Shabir, kumunsi uko. Nsalu za muno n'zodula, komanso zimachucha ukangochapa kamodzi."

Kwa Shabir anali asanapondeko n'komwe, poti Shabir ndi Farouk ankalimbirana makasitomala chiyambire kalekale. Anangofuna kuti anawo akatope ndi kuyenda. Madzulo amenewo anakwera minibasi akudzitama kuti sukulu si nzeru.

Lolemba lotsatira anafika m'mawa monga mwa masiku onse, koma makina awo sanali pamalo pake. Anyamata a m'sitolo anali atawaika kunja kwa khonde, m'mphepete mwa ngalande. Pakhomo panaima Farouk mwini wake.

"Mayi Alinesi, Loweruka ndinali kusukulu ya mwana uja," anatero modekha. "Anandiitana kuti ndikhale mmodzi wa oweruza, ana akamaonetsa zimene aphunzira. Mwanayo sankadziwa kuti sitolo ino ndi yanga. Anaonetsa chithunzi chanu, chikwangwani changa chili pamwamba pa mutu wanu. Anakutamandani kwambiri. Anati ndinu mayi wochenjera, simugula pamene mwakhala chifukwa nsalu zake zimachucha, mumapita kwa Shabir. Holo yonse inamva, makolo ndi aphunzitsi omwe."



"Wapambana mwanayo," Farouk anapitiriza. "Wapemphanso kuti zikwama zonse za kalabu yawo muzisoka inuyo, poti iwo alibe makina. Iwo ntchito yawo n'kugulitsa basi."

Ndiye kuti mwana uja ankawabweretsera ntchito! Manyazi ndi chisoni zinawagwira nthawi imodzi, moti anagwada pasimenti pomwepo, anthu akudutsa.

"Bwana, ndinanama. Kwa Shabir sindinapiteko. Ndimabisa za zidutswa zija, monga munandiuzira."

"Ndinati musauze munthu. Sindinati munyoze nsalu zanga." Farouk anawayang'ana nthawi yaitali, ndi maso amene Alinesi anawazindikira bwino, poti ndi omwe iwo ankayang'anira anthu ena. "Tsono ine ndidziwa bwanji, mayi? Munanamiza mwana uja, kapena mukunamiza ine?"

 Farouk analowa m'sitolo. Alinesi anadzuka, navula tepi m'khosi, n'kuyamba kufunsa mnyamata wa wilibala ngati angawanyamulire makinawo mpaka kudepoti.