Mtengo wa M'mphika wa Mayi Wiebke

Mayi Wiebke Janssen anatha zaka khumi ndi zinayi osagonako kunja kwa mudzi wawo. Sikuti ankadwala kapena ankasowa kopita ayi. Chinawamanga ndi mtengo wa maapozi kuseri kwa nyumba, umene apongozi awo aamuna anabzala kalekale, wa mtundu woti m'dera lonselo panalibenso wina anali nawo. Amuna awo, a Onno, pomwalira anangosiya mawu awiri: "Usaulole ufe." Munthu akanati "tsala bwino" akanalakwa chiyani? Koma a Onno anali otero basi, ngakhale tsiku la ukwati wawo maso anali kumwamba kuopa matalala.

Mtengowo unali utakalamba, thunthu lili ndi mphako yoti mphaka n'kugonamo, koma ntchito yake inali yosatha. Mu Febuluwale, zala zitauma ndi chisanu, Mayi Wiebke ankakwera makwerero kudulira nthambi. Mu Meyi maluwa akachita mbuu, ankatchera khutu ku wailesi kuopa chisanu chochedwa. Kenako kupatulira tizipatso, kutunga madzi a mvula m'migolo, kutola nkhono pa kabichi, kutembenuza manyowa. Mankhwala a kusitolo sanalowepo m'dimba limenelo, mbozi ankazitola ndi manja. Pofika Okutobala maapozi ankadzaza chipinda chapansi, ndipo sabata iliyonse ankatsikirako kukachotsa oola. Chaka chinkatha choncho, china n'kuyamba.

Tisabise, dimbalo anali atatopa nalo. Masiku ena ankaima pa zenera la kukhitchini n'kumauyang'ana mtengowo ndi chidani, ngati mkazi mnzawo wa pamitala.

Mkulu wawo, a Gesche, ankakhala okha mumzinda wa Bremen m'nyumba yosanja, chipinda china chili chopanda munthu. Lamlungu lililonse ankaimba foni.

"Iwe Wiebke, ubwera liti? Bedi ndinayala chaka chatha, mpaka lero likukudikira."

"Ndikangokolola, achemwali."

"Ukakolola uzidzati ndikangodulira. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine maso akutha, iwe mawondo akutha. Titakhala pamodzi mwina tingakwane munthu mmodzi."

Ankaseka onse, koma foni ikadulidwa Mayi Wiebke mtima unkawawawa. Ankafunitsitsa kupita, kukatha masiku otsalawa ndi mkulu wawo, kumadzuka dzuwa litakwera, zikhadabo zili zoyera.

Amene anatopa ndi nyimbo imeneyi anali mlamu wawo, a Hinrich, mng'ono wa malemuwo, okhala kuseri kwa mpanda. Tsiku lina mu Januwale anatulukira ndi kampeni m'manja.

"Alamu, mwandikwana ndi madandaulo. Achimwene anati mtengo usafe, sanati inu mufere pompano."

Anadula pa mtengo uja tinthambi titatu tonenepa ngati pensulo, n'kutikwirira mumchenga wonyowa m'chipinda chapansi. Mu Epulo anamezanitsa kanthambi kamodzi pa kachitsa ka mtengo wosatalika, mumphika waukulu wadothi. Anamanga bwinobwino, n'kumata phula.

"Ukagwira uwu, tiukweza m'galimoto ukakhale pakhonde la a Gesche. Mtundu ndi womwewo. Wakalewu mundisiyire ine ndi mbalame."

"Nanga ukapanda kugwira?"

"Manja anga awa? Ndinayamba kumezanitsa inu musanadziwe kusiyanitsa fosholo ndi supuni."

Unagwiradi. Masamba oyamba atatuluka, a Hinrich anayenda chodzithemba sabata yathunthu, a Gesche nawo anagula makatani atsopano. Mayi Wiebke ankadikira kuti chimwemwe chibwere, koma chimene chinabwera ndi mantha. Kwa zaka zonsezi yankho lokanira kusamuka anali nalo pakamwa, tsopano analibe. Komabe anathirira kamtengoko chilimwe chonse, anakolola wakalewo, anapereka nkhuku zawo kwa mlamu wawo, ndipo tsiku losamuka linaikidwa: Loweruka loyamba la Novembala.

M'mawa wa tsikulo makatoni anali atamangidwa kale pakhomo. A Hinrich anapita kusiteshoni kukatenga a Gesche, amene anaumirira kubwera okha kuti mng'ono wawo asasinthe maganizo. Mayi Wiebke anazungulira kuseri kukakoka mphika uja. Poupendeketsa, dothi linasomphoka, ndipo anaona mizu. Inali itafika m'mbali n'kuyamba kuzungulirazungulira, kusowa kolowera. Anaimvera chisoni.

Novembala ndi mwezi wobzala mitengo, aliyense kumeneko amadziwa, ndipo dothi tsiku limenelo linali lofewa ngati ufa. Fosholo inali yotsamira pampanda. Musawafunse kuti anaganiza chiyani, chifukwa sanaganize kanthu, manja ndiwo anadziwa zochita. Anakumba dzenje mapazi khumi kuchokera pa mtengo wakale, anathiramo manyowa, anatambasula mizu ija umodziumodzi, n'kukhoma chikhomo kumbali yochokera mphepo.

Galimoto itafika, a Hinrich ndi a Gesche anawapeza akupondaponda dothi ndi jombo. A Hinrich anavula chipewa, nthabwala zonse zitawathera. A Gesche, poti maso anali ovuta, anayandikira mpaka mwendo wawo unagunda mphika wopanda kanthu.

"Kamtengo kaja kali kuti? Ndakonza kale malo pakhonde."

"Mizu inapanikizika, achemwali. Mumphika sikakanakhala."

A Gesche anapapasa kamtengoko, n'kugwira chikhomo chija. "Chabwino, wabzala. Samba m'manja tizipita."

"Wongobzala kumene sausiya," anayankha Mayi Wiebke, maso ali pansi. "Umafuna madzi zaka zitatu zoyambirira."

"Ndithirira ine, alamu," anatero a Hinrich.

"Inu mumathirira ngati mukuzimitsa moto."

Palibe anaseka. A Gesche anamanga batani la jasi lawo, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Zaka zitatu. Ine ndili ndi zaka 79, Wiebke."

Mayi Wiebke ankadziwa zimenezo, ndipo anazidziwa ngakhale pamene ankakumba dzenje. Anafuna kuti anene kanthu, koma dothi la patsinde linali lisanamwe madzi. Ananyamula ndowa kupita ku mgolo, ndipo ali chotunga anamva mkulu wawo akufunsa a Hinrich nthawi ya sitima yobwerera.