Tayala la Alamu Ladyeka Mkati

Moni nonse kumudziko.

Dzulo Lachitatu, 4 koloko madzulo, alamu anga a Yohane anafika kuno ku Senga Bay pa galimoto yawo yothamanga ija ya ku Joni. Analonjeza kuti lero atiperekeza kusikelo, ine ndi Chisomo.

Potola nsapato ya mwanayu pansi pa galimotoyo, ndinaona tayala lakutsogolo. Kunja likuoneka latsopano, koma mkati ladyeka mpaka mawaya ali poyera.

Ndinawauza chapansipansi. Anangoseka. "Mlamu, ndi alaimenti chabe, matayala apendekeka pang'ono. Mukuopa chiyani?"

Lero m'mawa ndabereka Chisomo, ndatulukira kuseri, ndakwera kabaza. Alamu atipitirira pamsewu osaliza ngakhale hutala.

Amayi, ndikawapepese kapena ndingowasiya?